Chitenge Chinayaka, Iye Ali Phee

Mpaka lero ndikaona baluni ikuyandama m'mwamba, mtima umandiwira. Zinayambira pa kicheni pate ya mng'ono wanga, phwando la amayi lochitika ukwati usanafike, pabwalo la kwathu ku Kanakantapa.

Iye ankafuna mabaluni ouluka, ngati a pa maukwati a ku Lusaka. Ouzira ndi pakamwa amangogwa pansi, poti mpweya wathu sumapepuka kuposa wapanjawu. Ouluka amaikamo gasi wopepuka, ndiye mpweya wapanja umakankhira baluniyo m'mwamba, monga mmene madzi amabwezera chigubu chopanda kanthu ukachimiza. Gasi wabwino, wosayaka, amagulitsa m'masilinda m'tauni, ndipo ine ndinali wokonzeka kukwera minibasi.

Koma panali mlamu, mwamuna wa mkulu wathu, uja sasowa chonena pa chilichonse.

"Muvutikila chani, mulamu?" anandifunsa. "Gasi nizapanga neka."

Anasakaniza soda ndi tizitsulo m'chigubu kuseri kwa nyumba, mabaluni n'kufufuma, n'kukweradi. Anthu anamuombera m'manja, iye akuyenda chotukumula. Sanatiuze kuti gasi wakeyo amayaka.

Pa kicheni pate mkwatibwi amalowa atafunditsidwa chitenge mpaka kumutu, n'kukhala pamphasa. Alangizi, amayi aja omuphunzitsa za banja, anali atamukhomerera mawu: usasunthe, usalankhule, usadzivundukule mpaka akuchimuna atabwera. Mabaluni tinawamangirira pamtengo wa tenti, pamwamba penipeni pa mutu wake. Kenako mayi wina anadutsa pomwepo atanyamula keke yokhala ndi kandulo zothetheka.

Phuu! Moto unadzaza tenti. Amayi anamwazikana, ng'oma zili pansi, alangizi nawonso ali patsogolo kuthawa. Nditacheuka ndinaona chitenge chikuyaka pamutu pa mng'ono wanga, iye ali phee, manja pamiyendo. Ndinathamanga n'kuchikoka. Wigi inali itasungunukira pakhutu ndi patsaya.

Kuchipatala ku Chongwe ndinamufunsa, "Iwe, sunathawe chifukwa chani?"

"Bananiuza kuti nisasunthe," anayankha motsitsa. "Sininafune kuchititsa ba mayo manyazi."

Mlamu anabwera ndi mabanzi, ati ankadziwa kuti gasiyo amayaka koma sanaganize za kandulo. Ndinamutukwana mpaka anamwino ananditulutsa, ndipo sindinapepesepo. Komabe iye ndi chitsiru chabe. Amene anandipsetsa mtima zenizeni ndi mlangizi wamkulu, yemwe anaima pafupi ndi bedi n'kunena monyadira, "Uyu mwana anamvela mwambo. Na mulilo uyaka pamutu sanasunthe." Amayi ena n'kuvomereza ndi mitu, pomwe munthuyo wakulungidwa mabandeji!

Ukwati unachitika mochedwa, khungu litapola. Mng'ono wanga amapesera tsitsi mbali imodzi kuti abise khutulo. Ndipo ndikumva kuti alangizi aja amamutchulabe pophunzitsa atsikana ena, ati chitsanzo cha mkazi wakhalidwe.

Chaka chino akukwatiwa mwana wanga wamkazi, ndipo abale aitana alangizi omwewo. Sindinawaletse, mwambo si wanga ndekha. Koma asanalowe naye m'nyumba ndinamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Vonse vamene bazakuuza, mvela," ndinatero. "Koma ukamvela kupya, taya chitenge uthawe. Manyazi nizanyamula ine."