Mankhwala Achikasu M'mwezi wa Ramadani

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino ndinaipeza chifukwa anzanga a kusukulu anakana kubwera ku Mecanhelas, ati kuli fumbi. Ine kwathu ndi ku Insaca, m'boma lomwelo, fumbilo ndinakula nalo. Ndinangokwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndi kachikwama kanga.

Mkulu wa wodi, a Luiza, anandiphunzitsa za amfoterisini, mankhwala achikasu a odwala amene tizilombo ta mtundu wa nkhungu tawalowa m'bongo. "Amaboola timabowo pakhungu la kachilomboko, mchere wake n'kutayika, iko n'kufa," anatero. "Koma amaboolanso maselo a impso za wodwala." Ndiye tinkayamba ndi soro wa madzi amchere, diripi ija. Mankhwalawo tinkasungunula m'soro wa shuga basi, n'kumadontheza pang'onopang'ono. Wodwala ankayeneranso kumwa madzi ambiri ndi mapiritsi a potaziyamu, mchere umene umatayikawo.

Che Saidi, msodzi wa ku Chiuta amene tinkawapatsa mankhwalawa, anayamba bwino, mutu unaleka kuwawa. Koma m'mawa wina miyendo inakana kuimirira, mtima ukugunda modumphadumpha, mkodzo wochepa ndi wakuda. Kapu yamadzi inali yodzaza. Mkazi wawo anamasula kansonga ka kapulana, chitenje chake, mapiritsi aja ali momwemo.

"Akusala, anamwino. Ndi Ramadani."

"Soroyo ndi wanu," anatero Che Saidi, "koma pakamwapa ndi panga."

Ndinapsa mtima, ndipo ndinali ndi mantha kuti mtima wawo uima ine ndikuyang'ana. Ndinakalipa mpaka a Luiza anandikokera pakhonde. "Kukalipa sikubweza mchere m'thupi. Tenga njinga, pita kumzikiti."

Ndinabwera ndi shehe, thukuta lili kamukamu. Anakhala pambali pa bedi n'kunena modekha kuti wodwala amaloledwa kumasula kusalako, masikuwo adzabweza akachira. Kapu anawapatsa ndi dzanja lawo. Ife tinaimika kaye mankhwala achikasu, n'kuthira potaziyamu m'soro mosamala. Mtima unakhazikika, impso zinayambiranso ntchito.

Chichokereni tsiku limenelo, sindisiya piritsi patebulo n'kuchoka. Ndimafunsa chimene chingamuletse munthu kumeza, ndiponso amene iye amamumvera.

M'nyengo yozizira ndinakumana ndi Che Saidi pamsika wa Insaca akugulitsa nsomba zouma. Mwachizolowezi ndinawatambasulira botolo langa lamadzi. Anaseka n'kubisa manja kumbuyo.

"Lero lokha musandikalipire, anamwino. Ndikubweza masiku aja."