Tsiku Limene Bizwell Sanalembedwe

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri Bizwell Sakala wakhala akupalasa njinga yonyamula anthu pakati pa msika wa Kapata ndi m'tauni ya Chipata. Mawondo ake tsopano amalira akamakwera chitunda, koma sanagwetsepo munthu ndi kamodzi komwe.

Chaka chatha kunabwera bungwe lina kudzagawa njinga zamoto makumi awiri kwa opalasa. Maina ankalemba tsiku limodzi lokha. Bizwell anali woyamba pamzere. Mlembi asanatsegule n'komwe chikwama, mayi wina wapakati wogulitsa tomato anagwa pansi, nthawi yake itakwana. Amuna onse anayang'ana kumbali, aliyense kuopa kutaya malo. Bizwell anamukweza nathamanga naye kuchipatala. Pobwerako anapeza pepala litadzaza.

"Mwachedwa, bambo," anatero mlembi, osadzutsa n'komwe mutu.

Dzina lomaliza papepalapo linali la Enoch, mlamu wake, amene anali atapalasa miyezi itatu yokha.

Bizwell anameza zonsezo. Chimene chinamukanika kumeza ndi cha sabata yatha, pamsonkhano wa opalasa, pamene Enoch anaimirira akuzunguza makiyi a njinga yake yamoto kuchala.

"Anzanga, kulibe chinthu chotchedwa mwayi," anatero Enoch. "Ine ndafika pano chifukwa cha khama. Waulesi adzakalambira pachishalo."

Bizwell anadzambatuka, mpando n'kugwa.

"Iwe Enoch, khama liti? Njinga imene unaphunzirira inali yanga. Tsiku lija unafika dzuwa lili pamutu, ukununkha kachasu, n'kupeza malo anga ali pululu. Idya mwayi wako, sindikulanda. Koma usatitukwane ife amene matako anachita zipsera!"

"Alamu, imeneyo ndi nsanje."

"Nsanje? Bwera ugwire mawondo awa, undiuze ngati ndi a munthu waulesi!"

Wapampando anauza Bizwell kuti akhale pansi kapena atuluke. Palibe anamuikira kumbuyo. Achinyamata onse maso anali pa makiyi aja, ndipo anamuombera Enoch m'manja.

Bizwell anatuluka. Kunyumba anauza mkazi wake Juliet kuti mlongo wake Enoch asadzapondenso pakhomo pawo. Juliet analira, koma sanatsutse.

M'mawa mwake Bizwell ananyamula mphunzitsi wina wonenepa. Panjira mphunzitsiyo anamufunsa chifukwa chake munthu wamkulu chotere sanagule njinga yamoto. Bizwell anaima pakati pa chitunda n'kumuuza kuti atsike, ayende wapansi.