Ng'ombe Imene Tinadya pa Ukwati

Bambo a Esinati atamwalira, ndinakhala miyezi yochepa kwathu ku Maganga, kenako ndinaganiza zopita ku Limbe. Malemuwo, a Gondwe, anali a ku Mzimba, ndipo ankayendetsa thalakitala pa sikimu ya mpunga ku Lifuwu. Nyumba ya pasikimu inapatsidwa kwa dalaivala wina maliro asanazizire. Kumudzi ndinapeza chinangwa chokha, sopo kulibe, mwana akuyenda ndi diresi long'ambika kumsana. Mkulu wanga Aida anati ndizipita, mwanayo amusunga. Ndinamanga khadi la chipani ndi tikiti pansonga ya chitenje, n'kukwera sitima pa Salima. Esinati anali ndi zaka zisanu.

Ku Limbe ndinapeza ntchito yolera ana kwa Amwenye a sitolo ya nsalu. Sanali anthu oipa. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, ndipo kuzizira kwa kumeneko, ine wobadwira kunyanja, sindinakuzolowere mpaka tsiku lochoka. Chimene chinkandiwawa ndi kupesa tsitsi ana a eni m'mawa uliwonse, osadziwa ngati wanga wasamba. Lamlungu ndinkapita kumsika kukaima pafupi ndi ogulitsa usipa, kungofuna kumva wina akutchula Senga Bay kapena Chipoka.

Sukulu ndinalekezera sitandade 2, choncho mauthenga ankayenda pakamwa. Panali mayi wina wa kwathu, Abiti Saidi, amene ankabwera ndi madengu a nsomba zouma pasitima. Ndinkawapatsa ndalama, sopo ndi shuga, iwo n'kundibweretsera nkhani: Esinati wayamba sukulu, wagweluka mano, wadwala chikuku koma wachira. Ndinkamukulitsa mwana wanga m'makutu.

Chaka chachitatu Abiti Saidi anafika osaseka monga mwa masiku onse. Anati alamu anga, akulu awo a malemu, abwera kuchokera ku Mzimba ndi samani ya kukhoti. Akufuna mwana, akuti anamulipirira ng'ombe.

Nkhani ya ng'ombeyo ndi iyi. Pokonzekera ukwati wathu, abale a amuna anga anabwera ndi ng'ombe yaikazi pa lole, n'kuipereka kwa amalume anga, a Chikuse. Kwawo zimenezo ndi malowolo: ng'ombe ikalandiridwa, ana onse ndi a kuchimuna. Kwathu kulibe zotero, mwana ndi wa kuchikazi. Amalume ndi asodzi, khola sanakhalepo nalo. Anayamika kuti alendowa ndi aulemu, abwera ndi ndiwo zawo. Kutacha anainolera mpeni, mudzi wonse unadya. Alendo aja anakhala chete, ife n'kumati ndi kutopa kwa ulendo.

M'sitima yobwerera aliyense amene ndinamufotokozera anali woweruza. Bambo wina wa jekete anati ndisavutike, mlandu wotero unatha kale, chifukwa ng'ombe inalandiridwa. Kunyumba Esinati anandigwadira n'kundipatsa moni ngati mlendo, kenako anathawira kumbuyo kwa Aida. Aida ndiye amene ankamutchula kuti amayi. Ine ndinali amayi a ku Limbe.

Tsiku la mlandu ndinadabwa kuona anthu a m'mudzi atadzaza mabenchi, ngakhale amene ndinkaganiza kuti amandinena kuti ndinataya mwana. Alamu anafotokoza za ng'ombe mwaulemu. Wapampando wa khoti, bambo wa imvi wa magalasi, anafunsa amalume ngati anailandira.

"Ndinailandira, bwana, ndipo ndinaipha," anatero amalume. Anatembenukira kwa alamu. "Kodi inu simunadye? Mwendo wathunthu si uja munakwera nawo lole?"

"Tinadya ndi manyazi, bambo," anayankha alamu. "Tikanatani pamaso pa anthu?"

Anthu anaseka mpaka mesenjala anamenya tebulo. Ine sindinaseke.

Wapampando anati kale akanangofunsa za ng'ombe n'kutseka mlandu, koma malamulo okhudza ana anasintha. Tsopano khoti liyenera kuyamba laona kumene mwanayo akhale bwino, mwambo ubwere pambuyo. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Koma alamu anaimiriranso n'kunena kuti ngati ndi choncho, mayi wake sakhala naye mwanayo, akulera ana a Amwenye ku Limbe. Kwawo ku Mzimba kuli sukulu pafupi, kuli mkaka, ndipo agogo ake akulira kuti sanaonepo nkhope ya mdzukulu wawo. Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinasowa poyang'ana.

"Mayi, mubwereranso ku Limbe?" anandifunsa wapampando.

Ndinaganiza za malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi za munda wa chinangwa uja.

"Iyayi, bwana. Ndabwereratu."

Wapampando anamutengera Esinati m'kachipinda ka kumbali pamodzi ndi mayi wina wa boma woona za ana, kuti alankhule popanda maso athu. Zimene ananena kumeneko sindinamufunsepo mpaka lero. Atatuluka, chigamulo chinali chakuti mwana akhale ndi mayi wake ku Maganga, patchuthi chachikulu azipita ku Mzimba kukaona agogo ake, ndipo azibwezedwa sukulu isanatsegulidwe. Za ng'ombe anati inadyedwa ndi mbali zonse ziwiri, palibe wobweza. Ndinakhala pansi pomwepo, thukuta lili kamukamu, ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Panja alamu anandiyandikira. Ndinkayembekezera mawu owawa, koma anamuyang'anitsitsa Esinati n'kunena kuti mphumi ndi ya mng'ono wawo yeniyeni. Anatulutsa m'chikwama nsapato zimene anamugulira za paulendo. Mwanayo anayesa, chidendene chinatsala panja. Pamenepo ndinakumbukira diresi limene ndinabwera nalo kuchokera ku Limbe: nalonso linakana kudutsa m'mapewa.

Aida anatiyang'ana tonse awiri n'kupukusa mutu.

"Mwalimbirana tsiku lonse, koma palibe akudziwa msinkhu wake."

Alamu anaseka, inenso ndinaseka, koyamba chifikireni.

Ndinkaganiza kuti ndalama za ku Limbe ndi zimene zinkasunga mwana wanga. Zinathandiza ndithu, koma anamusunga ndi Aida, ndi anthu aja anadzaza mabenchi. Pobwerera kumudzi Esinati ankayenda atagwira dzanja la Aida, nsapato zija zili pamutu. Sindinamuitane. Titadutsa madimba a mpunga, njira itachepa, ndinamva chitenje changa chikukokedwa kumbuyo. Sindinatembenuke, kuopa kuti angasiye. Ndinangochepetsa liwiro.