Ndani Anatsitsa Dengu la Pawu?

Dandaulo langa loyamba pa nkhani iyi ndinalipereka Lolemba lotsatira Pasaka, chaka chimene ndinali mu kalasi yachitatu. Ndinalilemba ndi pensulo pa tsamba long'amba m'kope la masamu, n'kupatsa amayi. Amayi sankadziwa kuwerenga. Analitembenuza kawiri n'kundibwezera. Tsambalo ndikadali nalo. Linathawa nane nkhondo kupita ku Malawi, linabwerako nane, ndipo lili m'sutikesi yachitsulo pamodzi ndi kalata ya ubatizo ndi makadi onse a kuchipatala.

Ndikukumbukira bwino lomwe. Abambo anali atagulitsa nsomba ku Metangula, ndipo anabwerera kuno ku Chiwanga ndi pawu mmodzi, buledi wamtali uja wokhala ndi khoko louma. Anali wa amalume, amene ankayembekezeka mawa lake kuchokera ku Maniamba. Mphuno zathu zinazolowera usipa ndi chinangwa choviika, choncho fungo la pawuyo linkatitsata mpaka kuseri kwa nyumba. Amayi anamuika m'dengu n'kulipachika kudenga.

"Ndaikapo mankhwala," anatero. "Womukhudza atupa mimba ngati chule."

Mankhwala panalibe. Amayi anali munthu wa kwaya, sankadziwa ngakhale muzu umodzi. Kunali kuopseza chabe.

Amene anatsitsa dengulo ndi achimwene anga, a Barnaba, amayi atapita kukatsuka mbale. Ine ndinali wamfupi; ngakhale nditakwera pamtondo sindikanafikira. Anandiitanira kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, n'kumudya pawuyo ine ndikuona, khoko likulira m'kamwa mwawo. Kansonga kotsala anandiponyera.

"Idya, Matiyasi. Wadya nawo saulula."

Ndinadya, sindikana. Koma kansongako sikanali kotalika kuposa chala changa chachikulu cha nthawi imeneyo.

Mmawa mwake mimba yanga inali ng'oma, ndikungothamangira kuchimbudzi, thukuta lozizira lili kamukamu. A Barnaba anali kosambira, akuimba mluzu. Mlandu unadziweruza wokha. Amalume anamwera tiyi chinangwa, ine ndinalawa chikoti cha abambo, ndipo amayi anayamba kukhulupirira mankhwala amene iwo eni sanaikepo.

Kuyambira pamenepo, ndikangolawa pawu kapena mandasi, mimba inkatupa. Amayi ankati mankhwalawo sakundichoka chifukwa sindinaulule ndi mtima wonse. Choncho pawu akabwera panyumba, gawo langa linkapita kwa a Barnaba. Ndinkakhala pamphasa ndi mbatata yanga, ndikuwaona akuviika m'tiyi, akudikira kuti afewe, kenaka n'kutseka maso pomeza. Ankatsekadi maso. Masaya awo anadzaza, anakula msinkhu, aphunzitsi anawasankha kukhala goloboyi. Ine ndinali ndi zilonda m'kamwa, chizungulire, ndi dzina lakuti Mbava ya Pawu. Mandasi ndinkadyabe mobisa popita kusukulu, chifukwa nsanje ilibe nzeru, ndipo ndinkadwalanso.

Dandaulo lachiwiri ndinalipereka pamanja kwa a Barnaba tsiku la ukwati wawo. Anaseka, n'kupukutira pepalalo mafuta a kumilomo. Ndinalitola. Lilipo, ndi banga lake.

Zaka ziwiri zapitazo mwana wanga wamkazi ananditengera kuchipatala ku Lichinga, thupi litatha. Anandiyeza, ndipo adokotala anandiuza kuti m'tirigu muli chinthu chotchedwa guluteni chimene chimapweteka matumbo a anthu ena. Ine ndine mmodzi wa iwo, mwina chibadwire. Ndinawafunsa ngati kuba kumakhudzana nazo. Anandiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti ayi. Ndinawapempha kuti zimene apeza azilembe, adindepo ndi chidindo.

Ndinasiya pawu, mandasi, mabisiketi, ngakhale nsomba yogubuduza mu ufa wa tirigu. Ndimadya kondowole, mpunga, mbatata, nyemba ndi nsomba yowotcha. Mimba inakhazikika, chizungulire chinatha, lamba ndinaboola bowo lina. Tsopano ndimafika ku Metangula wapansi osayang'anayang'ana tchire lothawirako. Dziko nalo lasintha. Kunyumba ya alendo kuno kumabwera anthu onena kuti sadya tirigu, ndipo wophika amawapangira zitumbuwa za ufa wa chinangwa, n'kuwapatsa m'mbale yoyera, akugwada. Palibe amawakwapula.

A Barnaba okha ndiwo sanasinthe. Khonde lawo linayang'anizana ndi langa, ndipo mmawa uliwonse amadya apawu awiri, mano onse ali m'kamwa, maso otseka. Zimenezo ndapirira. Koma Lamulungu lapitali mdzukulu wanga Rute anabwera kuchokera kwa a Barnaba n'kundifunsa, "Agogo, eti munali akuba muli ang'ono?" Sindifuna kuikidwa m'manda ndi dzina limenelo.

Chotero ndikupempha mwaulemu kuti a Barnaba, mkulu wanga wa bere limodzi, ayankhe pamaso pa ana ndi adzukulu, Lamulungu likubwerali tikatuluka m'tchalitchi, funso limodzi ili: ndani anatsitsa dengu? Ine ndidzabwera ndi pepala la adokotala ndi madandaulo onse awiri. Yankho likhale lapakamwa komanso lolembedwa, lokhala ndi dzina lawo pansi. Ndipo asabwere akutafuna.