Thiraki Yomwe Inasowa Fumbi

Bokosi lija linakhala pamwamba pa wadirobu yathu zaka zambiri ndisanaone za m'kati mwake. Amuna anga analigula ku Joni, nthawi imene ankayendetsa thiraki yonyamula katundu kupita kunja. Pachikuto panali chithunzi cha thiraki yofanana ndi yawoyo. Nditafunsa kuti muli chiyani, anati muli galimoto yosamanga, tizidutswa tapulasitiki toti munthu alumikize yekha. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati anzanu akamachokera ku Joni amatengera akazi awo mabulangete, inu mwabwera ndi ntchito. Iwo anangoti, "Mayi, limenelo ndi la tsiku lomwe ndidzatsike pamsewu," n'kulikweza pamwamba paja.

Tsikulo linafika msanga, ndipo silinafike bwino. Matenda a shuga anayamba ndi kachilonda pachala cha phazi lamanzere, phazi lopondera kilatchi. Kachilondako kanakana kupola mpaka madokotala anadula mwendo m'munsi mwa bondo. Munthu amene ankadziwa malo onse ogulitsa tiyi kuchokera kuno mpaka ku Beira anayamba kutha tsiku lonse pakhonde la kanyumba kathu ka lendi, kuseli kwa mpanda wa eni ake ku Area 9. Ine m'mawa ndinkapita kokasoka makatani ku Area 2, n'kuwasiya okha. Ana tinalibe. Mulungu sanatipatse, ndipo tinali titaleka kale kukambirana za nkhaniyo.

Miyezi yoyamba inali yowawa. Ankangokhala duu, khutu lili kumsewu wa ku Mchinji. Thiraki ikamadutsa patali ankang'ung'udza kuti dalaivala uyo wachedwa kusintha giya, apha injini ameneyo. Chakudya ankangochitokosa. Tsiku lina nditaweruka ndinawapeza akukola bokosi lija ndi ndodo yawo, ataima ndi mwendo umodzi, atatsamira wadirobu. Ndinawakalipira zedi. Ndinati mukufuna kuthyola ndi wotsalawo kuti ndizikuberekani kumsana? Ndinakwera pampando n'kuwatsitsira.

Tebulo lathu lodyera linathera pomwepo. Panadzaza tizidutswa totuwa, tina tochepa ngati njere ya mpunga, lezala, guluu wonunkha mpaka kuchipinda, ndi timabotolo ta penti. Tinayamba kudyera pamiyendo. Anayamba ndi injini, chinthu choti chikatsekeredwa m'kati palibe adzachione. Nditanena zimenezo anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anati galimoto yopanda injini ndi ngolo.

Mkangano wawo woyamba ndi bokosilo unali wa chiwongolero. Opanga anachiika kumanzere, monga amayendetsera kwawoko. Amuna anga anati iwo sanakhalepo kumanzere chibadwire, ndipo sayamba lero. Anacheka kutsogolo konse kwa m'kati ndi lezala, n'kusamutsa chiwongolero, mawotchi ake ndi zopondera zomwe. Kuyambira pamenepo pepala la malangizo analipinda n'kuikapo kapu ya tiyi. Sankamanganso thiraki ya pachithunzi ija, ankamanga yawo.

Yawoyo inali ndi zinthu zomwe m'bokosi munalibe. Kambaula anakapanga ndi chitsekerero cha botolo, n'kukamangirira kuseli ndi ulusi wanga wakuda. Chigubu cha madzi anachisema pa kachidutswa ka sopo wouma, n'kuchipaka penti wachikasu, n'kuchimangiriranso ndi ulusi womwewo. Chitseko chakumanzere anachifinya dala ndi supuni yotentha, chifukwa chenichenicho chinaphwanyikapo ng'ombe itawadulira msewu chakufupi ndi Tete. Ine ndinati anthu amabisa zipsera, inu mukuziwotcha ndi supuni yanga yabwino. Kagalasi koonera kumbuyo kanagwa pansi tsiku lina, ndipo amene anakwawa pansi pa tebulo ndi tochi, mawondo akulira, ndinali ine. Ndinakapeza katamatirira kusiketi yanga yomwe, titasesa kale nyumba yonse.

Kenako anandipempha kansalu. M'thiraki yawo munali nsalu yotchinga pogona, ndipo nsaluyo inali chitenje changa chakale chamaluwa obiriwira. Chidutswa chake chinali chikadalipo m'thumba la zigamba. Ndinadula kachidutswa kosaposa chala changa chachikulu, n'kukapinda m'mphepete ndi singano yaing'ono kwambiri. Ndasoka makatani a nyumba zikuluzikulu za ku Area 10, koma palibe linandithetsa maso ngati limenelo. Atakapachika anandionetsa mpando wa pambali pa dalaivala ndi nsonga ya chotokosera m'mano.

"Apa ndi panu, mayi. Mukukumbukira za ku Beira?"

Ndinkakumbukira. Anandinyamulapo kamodzi kokha tili achinyamata, ndipo ndinasanza njira yonse. Ndinawauza kuti akapitiriza nkhani imeneyo agona ndi njala. Anaseka kwa nthawi yaitali, kuseka komwe ndinali ndisanakumve chidulireni mwendo.

Thiraki inatha, yofiira, yonyezimira, yotalika ngati mkono wanga. Ine ndinati yakongola, tiyiike pa kabati alendo aziona. Iwo anakana. Anati iyi ndi galimoto ya m'sitolo, sinayendepo. Yawo inali ndi fumbi, ndipo popanda fumbilo sankaizindikira.

Fumbi limenelo linatizunza m'nyumba muja. Anandituma dothi lofiira la m'mbali mwa msewu, n'kulisefa ndi sefa yanga ya tiyi. Atalisakaniza ndi guluu ndi madzi linangokhala ngati phala. Anayesa phulusa, anayesa masamba a tiyi, anayesa choko chopera. Ankapaka, n'kuyang'ana mutu uli chopendeka, kenako n'kupukuta zonse. Ankandifotokozera kuti fumbi lenileni lili ndi malo ake: kuseli kwa matayala, m'munsi mwa zitseko, ndi m'makona a galasi lakutsogolo momwe chopukutira sichifika. La bulashi limangokhala paliponse ngati ufa wotayika. Mapeto ake anati tidikire chilimwe. Mu Okutobala ndidzawaperekeze kumsewu pa mpando wawo wamatayala, akaike thirakiyo pambali, magalimoto enieni akaithire fumbi. Nthawi imeneyo mvula inali itangoyamba kumene.

Sanafike Okutobala. Impso zinaleka kugwira ntchito chimanga chili pa ngaiyaye, ndipo anatisiya mvula ikadagwa. Tinakawaika kumudzi kwawo, cha ku Mitundu.

Patapita masabata angapo abale awo anabwera ku Area 9 kudzalongosola za katundu, monga mwa mwambo. Anatsogolera ndi amalume awo a malemuwo, bambo wachikulire wofatsa. Kumbali yanga kunali achimwene anga, omwe ndi ankhoswe anga. Ine ndinakhala pamkeka pakona, nditafunda chitenje kumutu. Namfedwa pabwalo lotere salankhula. Mawu ake amadzera mwa nkhoswe.

Ndinali nditamva zambiri za akazi amasiye olandidwa ndi mapoto omwe, ndiye mtima unali m'mwamba. Koma amalume aja anati iwo sanabwere kudzasesa nyumba. Anati mayiwa anasamala mwana wathu mpaka tsiku lomaliza, mipando, firiji, bedi, makina osokera, zonse zikhale. Iwo atenga zovala zokha kuti abale agawane, ndi ndodo ija. Achimwene anga anawomba m'manja mwaulemu, ine misozi ili chuchuchu. Kenako maso a amalumewo anagwera pa tebulo.

"Ndi kachidole aka titengere adzukulu kumudzi. Muno mulibe mwana woti azikaseweretsa."

Sananene mwachipongwe, ayi. Ananena ngati munthu amene akundichotsera chinthu choti chizingondipweteka. Koma mawu amenewo anandilasa pawiri. Ndinakoka malaya a achimwene anga n'kuwanong'oneza kuti thirakiyo ikhale, atenge firiji ngati akufuna. Achimwene anandiyang'ana ngati mutu wanga wasokonekera ndi maliro.

"Mlongo, anthu akusiyira nyumba yathunthu. Ndiimirire pano ndikanize ana chidole? Atiyesa anthu otani?"

Sanaimirire. Ndinaona thiraki ija ikulowa m'thumba la shuga lakale pamodzi ndi nsapato za amuna anga, zakumanja zokhazokha.

Chaka chimenecho sindinadyere pa tebulo lija. Madontho a penti wofiira anali pomwepo, ndi mizere ya lezala. Zovala sindinazilire, ngakhale jekete lawo labwino lija. Chimene chinkandidzutsa m'mamawa mtima ukuwawa chinali thirakiyo, chifukwa zala zawo zinathera mmenemo, ndipo mpando wanga unali mmenemo. Achimwene anga sindinawalankhule bwino kwa miyezi.

Chilimwe cha chaka chotsatira tinapita kukamanga chiliza. Ndisananyamuke ndinalowa m'sitolo ina ku Area 2 n'kugula galimoto yapulasitiki yaikulu, yoyaka magetsi ndi kulira yokha. Ndinaibisa pansi pa zitenje m'chikwama. Sindinauze munthu, poopa kusekedwa kachiwiri.

Mwambo wa kumanda utatha, anthu akudya, ndinazungulira kuseli kwa nyumba ya alamu anga, mlongo wawo wa malemuwo. Ana anali pansi pa mtengo wa mango, ndipo thiraki ija inali pakati pawo. Anaiboola padenga n'kulowetsa waya wautali wowongolera ataimirira. Magalasi oonera kumbuyo kunalibe. Kambaula kunalibe. Tayala limodzi linali chitsekerero cha botolo. Kumbuyo anali atapakira zitsononkho, ndipo kamtsikana kena kankaiyendetsa kakulira ngati injini ndi pakamwa.

Ndinagwada n'kuipempha kuti ndiione. Fumbi lofiira linali kuseli kwa matayala. Linali m'munsi mwa zitseko, lochindikala pansi, lopepuka pokwera m'mwamba. Linali m'makona a galasi lakutsogolo, pakati pokha poyera pomwe tizala ta ana tinkapukuta. M'chipsera cha supuni chija linakhazikika ngati linabadwira momwemo. Ndinasuzumira m'kati, kansalu kanga kobiriwira kali pomwepo, katachita kufiirira. Inali thiraki ya amuna anga yeniyeni, imene inkaima pageti madzulo iwo akutsika atatopa. Ndinalira pamaso pa ana aja kuposa mmene ndinalirira kumanda m'mawa womwewo.

Kusinthana sikunavute. Nditatulutsa galimoto yamagetsi ija ana anaiwala zonse, anathamanga nayo kukaonetsa anzawo. Alamu anga anandipeza nditakhala pansi, thiraki ili pamiyendo. Sanandiseke. Anakhala pambali panga nati, "Alamu, bwenzi mutanena kalekale. Ife timayesa n'zoseweretsa basi." Anailandira m'manja mwanga kuti akandisungire m'nyumba, poti ana angaitengenso, ndipo anandikokera kukadya. Kunali alendo ambiri ofuna kundipepesa, ndiye ndinakhala nawo mpaka dzuwa kupendeka.

Pokwera minibasi alamu anabwera akuthamanga ndi kamtolo kokulunga bwino m'chitenje choyera, pamodzi ndi thumba la mtedza. Ndinakafumbata njira yonse osakamasula. Ndinkaopa kuti mphepo ya pawindo ingauluze fumbi lija.

Ndinakamasulira pa tebulo lathu. Fungo la sopo ndi lomwe linayamba kundifika. Alamu anga, mayi waukhondo amene sangalole mlendo wa m'tauni kunyamula chinthu chakuda, anali ataitsuka thirakiyo. Anaikwecha ndi mchenga ndi chitsononkho cha chimanga monga amakwechera mapoto, mpaka penti wofiira anayera m'makona, pulasitiki yotuwa ikuonekera. Chigubu chija, poti chinali cha sopo, chinasungunuka, panangotsala ulusi. Kansalu kanga anakachapanso, n'kukabwezera bwinobwino pamalo pake. Fumbi panalibe ndi pang'ono pomwe.

Ndinakhala pampando osavula nsapato. Ndinafuna wina woti ndimukalipire, koma panalibe. Aliyense anandichitira zabwino zokhazokha, kuyambira amalume aja mpaka alamu anga. Madzulo omwewo alamu anaimba foni kufunsa ngati ndafika bwino, ndiponso ngati ndaona mmene yayerera. Ndinati ndaona, zikomo kwambiri.

Pano thirakiyo ili pawindo loyang'ana kumsewu wa ku Mchinji. Kumsewu kwenikweniko sindinapite nayo, mayi wamkulu ngati ine kukhala m'mbali mwa msewu ndi chidole anthu angandimange ngati wamisala. Ndimangosiya windo lotsekula chilimwe chonse, ngakhale makatani anga omwe akuda nalo. Nyumba yonse ndimapukuta Loweruka lililonse, koma pawindo pamenepo nsanza sifika. Kuno ku Area 9 kuli mipanda ndi mitengo yambiri, fumbi limalowa pang'onopang'ono. Likalowa limangogwera padenga ndi pamwamba pa boneti, mofanana paliponse. Kuseli kwa matayala silifika.