Banga Limene Ndinkaliona Pamsana pa Mbalame

Chizindikiro choyamba ndinachiona pamsana pa mbalame. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Malindi, ndipo ndinkakhala ndi agogo anga aakazi, amene anandilera makolo anga atamwalira ndili wakhanda. Ndinkawatcha anganga, monga timachitira kwathu.

Pasukulupo panali mphunzitsi mnzanga, a Mbewe, ochokera ku Dedza, amene anali ndi kamera. Ankakonda kujambula mbalame zoyera zija zimatsatira mabwato ndi kuba usipa pathandala poyanikira nsomba. Mayina ake a m'buku ndi a Chingerezi, choncho ife tinkangozitcha malinga ndi maonekedwe. Zakuno kwathu, za mutu wotuwa ndi mlomo ndi miyendo yofiira, tinkati zotuwamutu. Zina zokulirapo, zimene zimachokera kumayiko akumpoto mvula ikamayandikira, tinkati zakudamsana. Zikuluzikulu sizivuta kusiyanitsa, koma ana ake ndiwo amazunguza mutu. Mwana wa zotuwamutu alibe mutu wotuwa. Nthenga zake n'zofiirira zamawangamawanga, ali ndi kabanga kumbuyo kwa diso, miyendo yosawala, ndi mzere wakuda kumapeto kwa mchira.

A Mbewe ankatumiza filimu ku Blantyre kukatsukitsa, ndipo zithunzi zikabwera, ntchito yanga inali kuziyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu n'kunena mtundu ndi msinkhu wa mbalame iliyonse. Ine si munthu wolankhulalankhula. Kuyang'anitsitsa ndiko ndinkakutha kuyambira ndili mwana. Ndinkatsinzina diso lakumanzere, galasi n'kuliika pa lakumanja.

Pa zithunzi za mwezi umenewo ndinapeza kamwana kena kamene thupi ndi miyendo zinali za zotuwamutu, koma pamsana pake panali podera kwambiri. Pachithunzi chotsatira ndinapezanso kena kotero. Ndinauza a Mbewe kuti mwina mitundu iwiri ija yakwerana n'kubereka haibulidi. Iwo anayang'ana n'kupukusa mutu. Anati zakudamsana siziswera kuno, zimangobwera kudzadya, nanga zikumana bwanji pachisa? Anati iwo sakuona banga lililonse. Ndinakwiya chamumtima, chifukwa ndinkadziwa kuti a Mbewe sayang'anitsitsa chinthu. Anganga atamva nkhaniyi anaseka n'kunena kuti mbava za usipa nazo zayamba haibulidi ngati chimanga.

Pofika mu Novembala, ndikayang'ana kumwamba kapena pakhoma loyera ndinkaona tinthu takuda tikuyandama ngati tintchentche. Diso lakumanja linayamba kufiira pang'ono ndi kuopa kuwala. Mutu unkandiwawa cha kumadzulo. Ndinkati ndi choko cha m'kalasi ndi kutentha. Maso onse awiri akakhala otsegula ndinkaona bwinobwino, motero sindinaganize kuti vutoli ndi mawanga a mbalame aja n'chinthu chimodzi.

Mutu utapitirira, ndinapita pakachipatala kena kakang'ono ka m'dera lathu. Anthu anali ambiri pamzere, ndipo wothandiza odwala anali yekhayekha. Nthawi yanga itakwana ndinalankhula motsitsa mawu, monga mwa chizolowezi changa. Ndinati mutu ukundiwawa ndipo ndikumaona tinthu toyandama ngati zithunzithunzi. Iye anangomva mawu omalizawo.

“Mukuona zithunzi masana ano? Amenewo ndi malungo, aphunzitsi. Asanakwere kumutu, yambani kumwa awa.”

Ndinadziwa kuti sanandimvetse. Koma kumbuyo kwanga kunali mayi ali ndi mwana wolira, ndipo ine ndinakula osatsutsa akuluakulu. Ndinalandira kolokwini n'kubwerera. Mankhwalawo anandiyabwitsa thupi lonse, diso osasintha.

Kunyumba mawu omwewo anandisokonezeranso zinthu. Anganga atamva kuti ndikuona zithunzithunzi anati amenewo ndi mayi anga akundiyendera chifukwa manda awo takhala nthawi osalambula. Tinapita kukalambula. Anabweranso ndi madzi a masamba ena ochokera kwa mnzawo, n'kumandidonthezera m'diso m'mawa uliwonse. Ankaluma ngati tsabola. Sindinakane. Sindiwaimba mlandu anganga, chifukwa anachita zimene ankadziwa pa mawu amene ine ndinawapatsa.

Tinafika mu Disembala, zithunzi zina zitabwera. Tsopano pafupifupi kamwana kalikonse ndinkakaona ndi msana wodera. Ndinaunjika zithunzizo patebulo la a Mbewe ndi mtima wofuna kuwagonjetsa. Iwo sanatsutse. Anatenga chithunzi cha zotuwamutu yaikulu, yoyera mimba yonse, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pamimbapo ndi galasi langa. Banga linali pamimba. Anati ndiyang'ane pamadzi, pambali pa mbalameyo. Banga linapita pamadzi. Kenako anati ndisinthe diso. Nditayang'ana ndi lakumanzere, mbalame zonse zinali bwinobwino, nthenga iliyonse ikuoneka payokha. Ndinatsinzinanso lakumanzere n'kuyang'ana nkhope ya a Mbewe. Mphuno ndi pakamwa pawo panalibe, panali mdima.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti diso likupita, ndipo mantha anga anali akuti lakumanzere lingatsatire. Mphunzitsi wosaona bolodi ntchito yamuthera, ndipo anganga analibe munthu wina wowasamala.

Kuchipatala cha ku boma anandiuza kuti woona za maso amabwera tsiku limodzi pamwezi, ndipo la mwezi umenewo linali litadutsa. Ndinadikira mpaka Januwale. Tsiku lake litafika ndinalawirira, koma pasiteji anyamata a chipani ankaona makhadi a umembala wa chipani munthu asanakwere galimoto. Langa ndinali nditalisiya m'thumba la malaya ena. Ndinawaonetsa diso lofiiralo, iwo n'kunena kuti diso si khadi. Ndinabwerera kunyumba wapansi kukatenga khadilo, ndipo pamene ndinkafika ku boma, dzuwa litapendeka, woona za maso anali atanyamuka. Ndinakhala pabenchi pakhonde la chipatala osadziwa woti ndimukwiyire. Namwino wina wachikulire anandifunsa chimene ndikudikira. Ulendo uno ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane: diso liti, kuyambira liti, banga lili pati. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Izi si zodikira mwezi wina, mwanangu. Mupite kuchipatala chachikulu ku Blantyre.” Anakalankhula ndi dokotala ndipo ananditumiza.

Anganga anakakamira kundiperekeza, ngakhale miyendo yawo inali yovuta kale. Ku Blantyre tinayamba ndi mzere wolembetsa, kenako mzere wowerenga zilembo pakhoma, kenako mzere wodikira dokotala. Ndi diso lakumanzere ndinawerenga mpaka mzere wapansi. Ndi lakumanja sindinaone ngakhale chilembo chachikulu chapamwamba, pokhapokha ndikayang'ana pambali pake. Anandidonthezera mankhwala okulitsa mwanadiso, ndipo dokotala anayang'ana m'kati ndi kanyali m'chipinda chamdima. Anatenga nthawi. Atamaliza anati kuseri kwa diso, pamene pamalandira kuwala, pali chilonda ndipo patupa. Anati n'kachilombo kakang'ono kamene kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri osadziwika, mwina munthu n'kubadwa nako. Anati si malungo, ndipo madzi a masamba aja angoonjezera kufiira kunja. Anafunsa kuti ndinayamba liti kuona bangalo. Nditati Okutobala, anatsitsa kanyali kaja.

“Chilondachi tichipoletsa. Koma chikapola chimasiya chipsera, ndipo chipsera sichiona. Mukadabwera nthawi imeneyo chikadakhala chaching'ono.”

Anandigoneka m'wodi ya maso. M'mawa uliwonse namwino ankabwera ndi thireyi ya mankhwala, kudontheza m'diso, kupereka mapiritsi, n'kuima pomwepo mpaka nditameza. Mapiritsiwo ankandichititsa nseru ndipo chakudya sichinkakoma. Nthawi ndi nthawi ankanditenga magazi, chifukwa anati mankhwalawa amatha kuchepetsa magazi. Dokotala ankayendera odwala masiku ena okha, ndipo tsiku lake likafika tinkakhala pamabedi kuyambira m'mawa, osadziwa ngati afika asanaweruke. Ambiri m'wodimo anali achikulire odikira opaleshoni ya ng'ala. Iwo ankalowa osaona n'kutuluka akuona, akuseka ndi kuyamika. Ine namwino ankandiimikira zala kutsogolo n'kufunsa kuti ndi zingati, ndipo yankho langa loti sindikuziona silinkasintha. Zinkandipweteka kwambiri kuona anzanga akutuluka ine ndili pomwepo.

Anganga ankagona kumalo a odikirira odwala, kuphika limodzi ndi amayi ena. Kukhala kutali ndi nyanja sanazolowere, ndipo mvula ya kumeneko inkawazizira. Sanadandaule za iwo eni. Ankangodandaula kuti usipa wa mumzinda ndi wowawa. Tsiku lina, akundipatsa phala, anandidzudzula kuti ndikanawauza kuti ndi diso, osati zithunzithunzi, sakanavutitsa mayi anga kumanda. Ndinangomwa phalalo.

Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. Choyamba kuwala kunasiya kundipweteka. Kenako tintchentche tija tinachepa. Banga linayamba kuchepa kuchokera m'mbali, ndipo tsiku lina ndinatha kuwerenga zala za namwino osapendeketsa mutu. Dokotala anati kutupa kwatha ndipo diso lakumanzere silinakhudzidwe. Ananditulutsa cha mu Febuluwale, n'kundipatsa mankhwala okamalizira kunyumba ndi kundiuza kuti ndizibwera kudzaonedwa. Anandichenjeza kuti matendawa amatha kudzukanso m'mphepete mwa chipsera, choncho ndikaona tinthu toyandama ndisadikire.

Nditabwerera kusukulu, a Mbewe anali atandisungira zithunzi zija. Ndinaziyang'ananso ndi diso lakumanzere, chimodzichimodzi. Onse anali ana a zotuwamutu wamba, ena a miyezi yochepa, ena oyandikira kutuwa mutu. Haibulidi panalibe ndi mmodzi yemwe. A Mbewe sanandiseke. Anangoti tsopano ndizitsinzina lakumanja. Kuzolowera kumeneko kunanditengera nthawi, chifukwa dzanja linkapititsa galasi lokha ku diso lakale.

Lero ndine wachikulire, ndinapuma pantchito ya uphunzitsi nditaigwira mpaka kumapeto. Anganga anakhala nane mpaka pamene anatisiya. Diso lakumanzere likugwirabe ntchito, ndi magalasi owerengera basi. Lakumanja limaona m'mbali, koma pakati pali kabanga kamene sikadzachoka. Matendawa anadzukanso kamodzi patapita zaka. Ndinapita kuchipatala sabata yomweyo, ndipo sanawononge china.

Kwa amene mukuwerenga, ndili ndi zinthu ziwiri zimene ndinaphunzira movutikira. Diso labwino limabisira lodwala, choncho nthawi zina muziphimba diso limodzi n'kuyang'ana nkhope ya munthu wa m'nyumba mwanu, kenako n'kusintha. Mukaona mdima, utsi kapena tinthu toyandama, pitani kuchipatala msanga, musadonthezeremo chilichonse chimene dokotala sanakupatseni. Ndipo mukafika, nenani zenizeni mokweza, ngakhale kumbuyo kwanu kuli mzere wautali. Mukaona kuti sanakumveni, bwerezani. Ine ndinakangana ndi mnzanga miyezi yathunthu pa msana wa mbalame, koma pamaso pa wothandiza odwala ndinalephera kubwereza chiganizo chimodzi. Zotuwamutu zikadali kuba usipa pathandala kwathu. Ndikaziyang'ana ndi diso lakumanja, iliyonse ikadali ndi banga lija.