Khonde la Sitolo Yanu Silitsekedwa, Adada

Adada, lero zakwana zaka zisanu chitisiyireni, ndipo takangana pang'ono ndi achimwene chifukwa cha inu. Amafuna kumanga khoma pakhonde la sitolo yanu ija m'tauni kuti pakhale chipinda cha lendi cha ana a ku yunivesite. Zoona Mzuzu wakula, malo ogona akusowa. Koma ine ndakumbukira tsiku lina la mvumbi, nditangoyamba uphunzitsi. Ndinadandaula kuti anthu obisala mvula atseka pakhomo, makasitomala alowera pati? Munaseka. "Aphunzitsi, tayang'anani bwino. Masitolo onsewa ndi ogundizana, mabanja amakhala kuseri, koma khonde ndi limodzi kuyambira kwa atelala mpaka kubutchala. Omanga aja ankaidziwa mvula ya kuno. Ukatseka pako, wadula njira ya onse." Kenako munatulutsa benchi, mayi wina wogulitsa nthochi n'kukhalapo, n'kuthokoza m'Chitumbuka, amvekere, "Yewo chomene, adada!" Munamugula nthochi, ife osagulitsa kanthu.

Ndawafotokozera achimwene zonsezi pang'onopang'ono mpaka tiyi wawo wazizira. Njerwa zimene anagula zomangira khomalo abweza. Akuti pakamwa ndinatengera inu, Adada, ndipo sindinakane.